Kamtima ka Malume pa Dashibodi

Kachipangizo kake ndi kakang'ono ngati bokosi la machesi. Ndinakagula ku Limbe chaka chimene achemwali anga ankakwatiwa, nditatopa kumangoonera pa foni anthu akunja akupima magalimoto. Umakalowetsa pa kasoketi kamene kali kunsi kwa chiwongolero, kamalumikizana ndi foni pa bulutufu, basi galimoto n'kuyamba kuulula yokha chimene chikuiwawa. Ine ku sukulu ya umakaniko sindinapondeko, zanga zonse ndi bandulo ndi mavidiyo. Koma anthu akwathu ku Chileka, eee, amatopetsa! Kagetsi ka cheki injini kakayaka, iwo amaona ngati matenda ake ndi kagetsiko. Ukazimitse basi, galimoto yachira.

Katswiri wa maganizo amenewa anali malume anga, achimwene awo a amayi. Anali ndi kagalimoto ka mipando seveni konyamula anthu pakati pa Lunzu ndi Lirangwe, ndipo pa ukwatiwo anali ankhoswe, komanso ndi iwo oti anyamule mkwatibwi kuchoka kwathu kukafika kutchalitchi ku Lirangwe. Abusa a kumeneko anali atachenjezeratu kuti tsikulo ali ndi ukwati wina kumpingo wakutali. Tikachedwa tiwapeza atapita, ukwati ulephereka, mpunga wophikaphika ndi nkhuku zophaipha.

Mkati mwa sabata ya ukwatiwo malume anandiitana.

"Iwe wa foni, tabwera ndi kabokosi kako kaja. Undizimitsire kagetsi aka, kasakaoneke pa vidiyo."

Ndinalowetsa. Foni inalemba P0480. Nditafufuza, ndinapeza kuti nambalayo ikunena za fani yoziziritsa injini. Tinatsegula boneti, injini n'kumalira mpaka kutentha, fani ili duu, osagwedera n'komwe.

"Malume, fani sikuzungulira. Kaya ndi fyuzi, kaya waya, kaya yapsa yeniyeniyo, koma ikonzedwe. Kuzimitsa ndikhoza, koma kayakanso."

"Kagetsi aka kanayamba kuyaka nthawi yokolola. Unamvapo kuti galimoto yanga yatentha?"

"Chifukwa mumathamanga, malume! Mphepo imalowa yokha kutsogoloku. Nanga Loweruka? Pa ukwati mumayenda ngati mwanyamula mazira."

"Iwe, ndinatenga laisensi amayi ako asanakuganizire n'komwe."

Laisensi! Ngati kuti laisensi imazunguza fani. Ndinazula kachipangizo kanga, ndinakana kuzimitsa. Iwo anapita kwa makaniko wawo wa pansi pa mtengo wa mango, bambo woti chilichonse amayamba wachimenya ndi sipanala kenako n'kufunsa vuto. Dolo ameneyo anangomasula waya wa batire, n'kubwezera, kagetsi zii. Malume anabwera akuimba hutala kuti ndimve manyazi. Asanazimitse n'komwe injini pabwalo pathu, kagetsi kaja ng'anii, kayakanso. Ndinaseka mpaka foni inagwa m'fumbi.

Ndiye mukudziwa anachita chiyani, munthu wamkulu wa ndevu zake? Anatenga sitika ya mtima yotsala pa makadi a ukwati n'kumata pa dashibodi. Kamtima kofiira, pha! Tsono magalimoto amenewa alibe muvi woonetsa kutentha, ali ndi kagetsi kena kamene kamafiira injini ikayamba kupsa, ndipo kali pafupi pomwepo. Kamtimako kanaphimba tonse tiwiri.

Ndinakawauza amayi. Akuti, "Usandinyozere achimwene anga sabata ya ukwati." Ndinapita kwa achemwali, ndinawapeza akuwaluka tsitsi, mutu uli pendeke. Akuti, "Iwe, za magalimoto zisandifike. Malume akudziwa."

Loweruka dzuwa linatuluka lolusa, la Okutobala lenileni. Abale onse ananyamuka m'mamawa pa lole ya mipando. Amayi okongoletsa anabwera ndi nsalu yonyezimira ndi maluwa apulasitiki, n'kuzimanga bwinobwino kutsogolo kwa galimoto, penipeni polowera mphepo. Nditati asunthe pang'ono, anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Ine anandipanikiza kumbuyo ndi tiana ta maluwa, achemwali pakati ndi owaperekeza, malume pa chiwongolero atavala suti ndi magolovesi oyera. Magolovesi, anthuni! Kutsogolo kunali wavidiyo, atakhala chotembenuka kumbuyo kwa woyendetsa njinga yamoto, dzanja lili m'mwamba: "Pang'onopang'ono, bwana! Nkhope ya mkwatibwi ioneke!" Malume kumva kuti bwana, anatsitsa liwiro mpaka anthu a njinga zamakala ankatipitirira.

Tinadutsa pa Lunzu hutala ali pakamwa, azimayi a tomato akulululutira. Ine fungo ndinali nditalimva kale, lija la mphika wopserera.

"Malume, matulani kamtimako muone."

"Khala chete, tili pa vidiyo."

Chakufupi ndi Matindi, boneti inayamba kufuka nthunzi, injini inagogoda, kenako zii. Nsalu ija inanyowa ndi madzi adzimbiri. Malume anatsika, n'kuyamba kuthira mu radiyeta madzi akumwa a operekeza, akukalipira aliyense, magolovesi atasanduka akhofi. Kuliza, ayi. Kukankha, ayi. Maminibasi ankadutsa odzaza, makondakitala akutikuwa: "Ukwati wathera pomwepo, mayi!"

Foni yanga inalira, akuchimuna. Akuti abusa ayamba kulongedza mabuku m'chikwama.

Achemwali anatsegula chitseko. Anangotsika, anakwinya diresi lonse n'kulikumbatira pamimba, n'kupita kwa wavidiyo uja.

"Achimwene, tatsikani."

"Nanga kujambula, mayi?"

"Ndati tsikani!"

Anakwera iwo, velo atalikulunga m'khosi, wanjinga n'kuyatsa moto. Ine ndinaimitsa wakabaza wina kuti atenge malume, poti popanda ankhoswe abusa sadalitsa. Mukuganiza anavomera msanga? Ankati sangasiye galimoto pamsewu, akuba amasula matayala. Mwana wa mlongo wawo ukwati ukumuthera, iwo mtima uli pa matayala osalala ngati mbale! Mpaka ndinalumbira kuti nditsala ine kulondera, ndiye anakwera, akung'ung'udza.

Choncho ukwati wa achemwali anga ine sindinauone. Ndinatsala pa Matindi ndi tiana ta maluwa tikulira ludzu, mpaka lole inabwerera kudzatitenga n'kukoka galimotoyo. Zinazo ndinachita kumva. Akuti anapeza abusa ali pakhomo, chikwama kumanja, ndipo ataona mkwatibwi akutsika pa njinga ali mbuu ndi fumbi, anabwerera mkati. Anadalitsa mothamanga, kwaya sinaimbe n'komwe nyimbo zonse.

Ndikufika kumadyerero, ndinapeza mlandu utaweruzidwa kale. Malume anali atauza abale onse kuti galimoto yawo inalibe vuto mpaka tsiku limene ndinailumikiza ku foni, ndiye kuti ndinailowetsa vairasi. Ndipo anthu ankagwedeza mitu! Azakhali ena anabisa foni yawo m'chitenje nditakhala nawo pafupi.

Achemwali anandikodola ali ku tebulo lapamwamba. Ndinaganiza kuti nawonso andikalipira. Anakweza diresi pang'ono kunsi kwa tebulo: pakatumba panali chithuza chachikulu, ekizozi ya njinga inawawotcha potsika, ndipo analumbira malumbiro onse ataluma mano, osauza munthu.

"Pita ukandipezere madzi ozizira ndi kansalu," anandinong'oneza. "Amuna anga asadziwe mpaka tivine kaye."