Ndodo Yosakhudza Pansi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha wailesi yakufa. Inali ya ba Mwale, mkulu wa mpingo wathu m'komboni ya Chawama, ndipo nditaikonza anandiitana kuti ndizikawathandiza m'kachipinda kawo kuseri kwa tchalitchi. Zinali zaka zija kwacha inkagwa tsiku ndi tsiku, magetsi akuzima kuyambira m'mawa, anyamata ophunzira akungopondaponda mumsewu wa Kafue ndi mapepala m'manja. Za malipiro sindinafunse n'komwe.

Ba Mwale anali munthu wamtima wabwino, ndipo ankafuna kupanga ndodo yochenjeza anthu osaona. Tinkadula paipi yapulasitiki n'kumangirira kasensa kunsonga kwake. Kasensako kankazindikira chinthu chikaima kutsogolo, ndipo kabelu kamene tinaika pachogwirira, pambali pa batire ya foni, kankalira. Ntchito yanga inali kusenda mawaya, kuwalumikiza ndi mtovu, kuyeza mphamvu ya magetsi ndi mita, kenako kukulunga tepi. Magetsi akazima, chitsulo chosungunulira mtovu ndinkachitenthetsa pa mbaula.

Kuyesa tinkayesa tokha. Tinkamangana chitenje kumaso n'kumayenda pabwalo la tchalitchi pakati pa mabenchi ndi migolo, kabelu kakalira ife n'kumaseka ngati ana. Vuto linali limodzi: ndodo ikagogoda pansi, mtovu unkathetheka, mawaya n'kutayana. Ba Mwale anapeza njira yachidule. "Osagogoda pansi, Yohane," anatero. "Uziigwila chabe m'mwamba monga tochi." Kwa ife zinamveka zanzeru, pakuti munthu woona akamangidwa kumaso chimene amaopa n'kugunda mphuno pakhoma basi.

Ndodo itatha, m'pamene tinakumbuka kuitana munthu wosaona. Anabwera amake Dalitso, mayi wamasiye wa mumpingo mwathu momwemo, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika. Anasiya kuona ali mtsikana, koma Chawama yense ankamuyenda okha ndi ndodo yawo yoyera yoperepeseka. Kuyenda okhako ndiko kunkawadyetsa, ndiko kunali ulemu wawo. Ukawagwira mkono ankakukutumula.

Tsikulo mvula inali itangokata. Ba Mwale anawalanda mwaulemu ndodo yakale ija n'kuitsamiritsa pakhoma. Mayiwo anasisita yathuyo kuchokera pamwamba mpaka kunsonga.

"Manje iyi siikamba na pansi?" anafunsa.

"Iyayi amai, iyi ni ya manje. Iona vonse vili kutsogolo."

Anaseka n'kuvomera. Ndikuganiza kuti sanafune kutsutsa mkulu wa mpingo pamaso pa wantchito wake.

Tinatuluka kulowera kumsika, iwo patsogolo, ife pambuyo. Tinapangana kuti tisalankhule, kuti tione ntchito ya ndodo payokha. Inalira pa wilibala, iwo n'kulambalala. Inaliranso pa minibasi yoima. Ba Mwale anandigwira phewa, nkhope ili mwee. Ine maso anga onse anali pansonga ya ndodo, kuopa kuti waya angatayane.

Pokhotera kumsika pali ngalande yakuya ya simenti. Inali ndi chivundikiro chachitsulo, koma sabata imeneyo anthu anali atachizula kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale, monga zinkachitikira paliponse m'zaka zanjalazo. Kasensa sikamva dzenje, chifukwa m'dzenje mulibe choima kutsogolo. Ndodo inangoti zii, ndipo amake Dalitso anaponya phazi ndi mtima wonse.

Sanakuwe. Chimene ndinamva ndi kuthyoka kwa fupa, ngati nkhuni youma. Titawavuula m'madzi akudawo, dzanja lawo linali likadali gwa pandodo yathu, ataikwezabe m'mwamba monga tinawauzira. Dzanja limenelo mpaka lero limandibwerera ndikangogwira paipi yapulasitiki, ndipo mtima umandiwawa.

Anathyoka m'chiuno. Atatuluka m'chipatala tinapita kukawaona, ba Mwale akulephera ngakhale kupemphera. Mayiwo sanatikalipire.

"Ine khoma siniyopa, bana banga, nimaimvela ikalibe kufika," anatero. "Chamene niyopa ni pansi. Ndodo ikagogoda, pansi paniuza ngati pali matope, mwala olo dzenje. Mukananifunsa chabe poyamba."

Kuchokera pamenepo ntchito inasintha. Ba Mwale anaitana anthu osaona kuti azikhala nafe pabenchi tisanadule paipi, tisanasende waya. Iwo ndiwo anatiuza kuti kasensa kakwere pafupi ndi dzanja, nsonga isiyidwe izigogoda, ndipo kabelu kachoke chifukwa kankawatseka makutu. M'malo mwake tinaika kamota konjenjemera kochotsa m'mafoni akufa. Chimene ndinasunga n'chakuti mwini wa chipangizo amafunsidwa chisanapangidwe, ndipo akafunsa funso, umaika zida pansi n'kumvetsera, ngakhale alifunse moseka.

Ndodo zatsopanozo zinathandiza anthu angapo. Imodzi ndinapita nayo ndekha kwa amake Dalitso. Fupa linali litalumikizana, koma benchi lawo pamsika linali litapita kwa wina, ndipo kutchalitchi ankapita atagwiridwa mkono ndi mlamu wawo. Anaisisita, n'kuigogoda kamodzi pasimenti, n'kundibwezera.

"Ili bwino, Yohane. Kapase wina. Ine mendo yanga siikhulupililanso pansi."