Kapinga Ali Naye Kale ku Joni

Lachiwiri lapitali foni yanga inalira ndili pa siteji ya minibasi ku Area 23. Nambala yake inali yakunja. Ndinadikira kuti idule, poti abale athu akunjawa nawonso adaphunzira kuflasha. Sinadule.

Anali a Jere, mkulu wa kagulu ka Amalawi amene amasonkhana m'galaja ya munthu wina ku Joni Lamulungu lililonse kuti apemphere.

"Achimwene, DVD ija yakandika," anatero. "Titumizireni ina."

Kuti mumvetse chimene ndinatukumukira pa siteji paja, ndibwerere m'mbuyo pang'ono.

Miyezi ingapo yapitayo a Jere adalembera kalata abusa athu. Adati kumeneko alibe m'busa, nyimbo amayimba zokhazo zimene akukumbukira, ndipo ambiri asiya kubwera ku mapemphero. Adapempha kanthu kochokera kumudzi kowalimbikitsa. Mpingo udagwirizana zojambula DVD ya kwaya ya amayi pamodzi ndi ulaliki, ndipo poti mutu umodzi susenza denga, udasankha komiti. Wapampando wake musafunse. Ndidali ine.

Choyamba chimene komiti idagwirizana n'chakuti tchalitchi chathu sichoyenera kamera. Makoma opanda pulasitala, panja fumbi lokhalokha, kuseri chigayo chosapuma. Anthu okhala ku Joni tiwaonetse zimenezo? Atiseka! Tidakapempha bwalo la nyumba ina ku Area 49, kwa msuweni wa mlembi wathu, komwe kuli kapinga wobiriwira ndi maluwa a m'miphika. Amayi adasoketsa mayunifolomu atatu oti azisintha. Abusa athu, amene akamalalikira m'Chichewa ngakhale ogona amadzuka, tsiku limenelo adakonza ulaliki wa Chingerezi. Ati uthengawu ukupita kunja.

Tsono mu kwayamo muli Amayi Naphiri. Adabwera m'tauni muno kuchokera ku Thyolo kalekale, amuna awo adamwalira, ndipo amagulitsa tomato pa benchi pafupi ndi tchalitchi. Mawu ali nawo, koma miyendo yawo ili ndi maganizo akeake: anzawo akapita kumanja, iwo ali kumanzere. Yunifolomu yatsopano adalibe. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Limbani, adapita ku Joni zaka zinayi zapitazo, ndipo chipitireni, kalata ayi, foni ayi.

Tsiku lojambula adafika woyamba pa tchalitchi. Titakafika pa kapinga paja, ndidayang'ana chitenje chawo chofwifwa pakati pa mayunifolomu onyezimira, ndikuwaitanira pambali.

"Amayi, pakufunika munthu wokhulupirika wotisungira zikwama."

Adandiyankha kuti: "Bambo, zovinazo ndisiya. Ndingoima kumbuyo. Mwina Limbani angaone kuti ndikadali moyo."

"Tikujambulani pamapeto, panokha," ndidatero.

Pamapeto batire idatha, ndipo kunena zoona mtima wanga udakhala pansi. Ndikulemba izi ndi manyazi.

DVD itatuluka ndidakalipa koopsa. A Mbewe, ojambula maukwati amene tidawapatsa ntchitoyi, adaiwala kudula mphindi zitatu zoyambirira. M'mawa uja, tikudikira minibasi pa tchalitchi, iwo ankangoyesa kamera. Ndiye DVD ya komiti yanga imayamba ndi msewu wathu wa maenje, mzere wa zidebe pa mpope, bambo wina akukankha njinga ya makala, chigayo chili kulira. Kenako Amayi Naphiri atakhala pakhonde la tchalitchi, akumanga duku, akung'ung'udza nyimbo, n'kuidukiza pakati kuti akalipire mbuzi imene inkanunkhiza chikwama chawo. Munthu wotitengera katundu ku Joni ankanyamuka mawa lake. DVD idapita choncho.

Ndiye a Jere atati yakandika, ndinati eya, ntchito yathu yagwira mtima.

"Yakandika pati?" ndinafunsa. "Pa nyimbo ya yunifolomu yofiira ija?"

"Ayi, koyambirira. Pamsewu paja. Timangobwereza pomwepo."

"Nanga nyimbo? Nanga ulaliki?"

A Jere anaseka mpaka kutsokomola. "Nyimbo n'zabwino, achimwene. Koma kapinga tili naye kale kuno. Ndife timam'tchetcha."

Anandiuza kuti tsiku loyamba kuonera, bambo wina wa ku Kawale, wandevu zake, adalira atangomva chigayo. Chigayo, abale! Chomwe chija timachidandaula pa msonkhano uliwonse wa mpingo. Kenako mawu awo anatsika.

"Wina adazindikira mayi a dukuwo, n'kukamuuza mwana wawo. Limbani ameneyo anali asanapondepo ku mapemphero athu. Adabwera, adakhala kumbuyo, adapempha kuti tibwereze. Chiyambireni sajomba, ndipo filimu ikatha amakhalabe mpaka pemphero lotsekera. Ndili naye pano. Akufuna kulankhula ndi mayi ake, koma akuopa. Tiimbanso pakatha mphindi khumi."

Kondakitala anali atandigwira kale mkono. Ndinam'siya akukuwa, ndikubwerera wapansi njira ya ku tchalitchi. Mphindi khumi n'zokwanira kuti munthu adziweruze.

Kodi matenda amenewa tidawatenga kuti? Kamera ikangotulukira, Mmalawi amayamba kubisa kwawo. Onani mavidiyo a makwaya athu: aliyense akuvina pa kapinga wa hotela, pafupi ndi galimoto yobwereka, pansi pa mathithi amene sadawaonepo chibadwire. Mlendo ataonera angaganize kuti m'dziko muno Mulungu amapembedzedwa pa maluwa pokha. Ku Chinsapo kulibe Mulungu? Ku Mgona safikako?

Ndipo tisanamizane, abale athu akunja nawonso ndi akatswiri. Chithunzi chikabwera kuchokera ku Joni, munthu amakhala atatsamira galimoto ya abwana ake, magalasi akuda kumaso, makiyi m'manja. Ife kuno timatsamira nyumba ya msuweni wa mlembi. Tikutumizirana mabodza pa basi, uku ndi uku, aliyense kuopa kuti mnzake amuona mmene alili.

Zotsatira zake ndi zimenezi. Amene zinthu sizidamuyendere kunjako amangoti zii, chifukwa alibe galimoto yotsamira. Amene akanam'tonthoza kuno timam'patsa zikwama, chifukwa alibe yunifolomu.

Sindikunyoza kamera, ayi. Mpingo udachita bwino kuganizira nkhosa zake zakutali, ndipo kachimbale kaja kadafika kumene abusa athu sakanafika. Sindikunenanso kuti amayi asamatchene. Kutchena si tchimo, ndipo yofiira ija idawakhaladi. Koma munthu amene ali m'dziko la eni, amene tsiku lonse amalankhula chilankhulo cha eni, kudya za eni, kutchetcha kapinga wa eni, safuna kuti timuonetse kuti nafenso titha kufanana ndi eniwo. Akuluakulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Iye akufuna aone kwawo, amve mayi ake akukalipira mbuzi, kenako mumuuze kuti Mulungu sadamuiwale. Akhulupirira msanga.

Ndinawapeza Amayi Naphiri akuunjika tomato. Ndisanamalize kufotokoza, foni inalira. Anapukuta manja pa chitenje kawiri konse, n'kuigwira ndi manja onse awiri.

Kenako ndinamva kamawu kakutali: "Amayi, pepani. Ndinalibe chokutumizirani."

"Iwe Limbani," anatero, "adakuuza ndani kuti ndidabereka thumba la ufa? Ndidabereka iwe."

Analira, amayi a pa mabenchi oyandikana nawonso analira, ine ndinayang'ana kumbali ngati ndikuwerenga mitengo ya anyezi. Pakati pa misozi ndinawamva akumufunsa ngati iwo adaonekadi bwino mu DVD muja, poti duku ija anali asanamalize kumanga.

Foni itaduka anandibwezera, n'kundiponyera tomato awiri m'thumba la jekete ngati basela.

"Bambo wapampando, ndamva akufuna DVD ina," anatero akupukuta m'maso. "Musavutike kufuna munthu. Zikwama ndidzasunganso."

Sananene mokwiya. N'chifukwa chake zinandipweteka.

Komiti ikumana Loweruka likubwerali. Ndamva kuti mlembi wathu wapeza kale nyumba ina, ya msuweni winanso, ndipo iyi akuti ili ndi dziwe losambiramo. Ine ndikukapempha kuti tijambule pakhonde la tchalitchi chathu, chigayo chikulira, Amayi Naphiri ali kutsogolo, alowere kumene miyendo yawo ifuna.

Zikwamazo ndidzasunga ndine. Nanga inu, pa chithunzi chimene mudatumiza kwa m'bale wanu wakutali, mudam'patsa zikwama ndani?