Kukapempha mawu a mayi ku Torwood

Ndinanyamuka ku Mambo, dera la mumzinda wa Gweru, sikisi koloko m'mawa osamwa ndi tiyi yemwe, mtima uli m'malere. Ntchito yanga ndi yopeka nyimbo zopanda ng'oma, zongokoka liwu limodzi mpaka mphindi makumi awiri. Yatsopanoyi ndinaiumba ndi mawu a mayi, pomwe ankaimba pamaliro a bambo ine n'kujambula pafoni. Ku Harare ankaifuna pachionetsero Loweruka, koma eni mawuwo sankadziwa kanthu. Nyimbo yamaliro si yoseweretsa, choncho ndinati ndikapemphe. Akakana, ndikaifufuta.

Minibasi ya ku Kwekwe, ya madola atatu, inatha ola lathunthu isanadzaze, ine ndikungoyang'ana wotchi. Mayi wina wogulitsa zitenje, wa ku Dedza, anabwereka mahedifoni anga kuti amveko nyimboyo.

"Achimwene, iyamba nthawi yanji?"

"Yafika kale pakati."

"Ayi ndithu, firiji yanga imaimba bwino kuposa apa."

Ndinaseka mokakamiza.

Cha m'ma naini ndinatsika pamphambano ya Redcliff. Ndinagula chimanga chootcha, n'kuyamba kufuna galimoto yopita kwa mayi ku Torwood. Kagalimoto ka dola imodzi kanatipanikiza anthu seveni, n'kutidutsitsa pafupi ndi machumuni adzimbiri a fakitale yazitsulo imene bambo anakalambira akugwirako ntchito.

Mayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuthirira repu, n'kuwauza chimene ndadzera. Anapukuta manja, anakhala pakhonde, n'kuvala mahedifoni. Mphindi makumi awiri zimatalika, abale. Bwalolo ndinalizungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

"Yohane, ameneyu ndine?"

"Ndinu, mayi."

"Nanga ndikupumira pati?"

Ndinawafotokozera monyadira kuti ndinatha masabata awiri ndikudula paliponse pamene anakoka mpweya, kuti liwu liyende mosalala.

Anavula mahedifoni. "Pokoka mpweyapo ndi pamene ndinkalira bambo ako. Iwe wachotsa maliro, wasiya kulira kwa waya wamagetsi. Wosapuma tinamuika m'manda tsiku lija, ine ndilipo. Bwezera mpweya wanga, ukatero uwapatse anthu akowo."

Manyazi anandigwira, misozi n'kulengeza. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti luso langa ndi kuchotsa zosafunika, osadziwa kuti ndafika pochotsa mayi anga. Ku Gweru sindinabwerere tsikulo. Ndinatsegula kompyuta pakhonde pomwepo, iwo ali pambali panga kundiuza kuti, "Apa ndinapuma. Apanso."