Maso Pansi mu Holo ya ku Ilford

Kuvina ndinaphunzira ku Limbe, pabalaza pa malume anga, ndili kamtsikana ka kusekondale. Malumewo ankagwira ntchito kunjanji, ndipo anali ndi galamafoni ndi mbale zitatu zokha, imodzi ya tango. Loweruka masana ife atsikana tinkapaka polishi pansi, kukankhira mipando kukhoma, iwo n'kumativinitsa mmodzimmodzi. Akakuponda chala, wolakwa unali iweyo. Akazi awo ankakhala pakhomo kutilondera, ndipo lamulo lawo linali limodzi: vinani mmene mungathere, koma mtsikana wamwambo sayang'ana mwamuna m'maso. Ine ndinalimvera mopitiriza muyeso. Ndinavina nawo zaka zitatu osadziwa ngati malume ankamwetulira kapena ayi.

Kenako kunabwera unamwino, banja, ana, ulendo wa kuno kudziko la azungu, ndi mashifiti osatha kuchipatala ku Romford. Amuna anga anali munthu wabwino, koma miyendo yawo inkangodziwa njira ya kutchalitchi basi. Atamwalira, inenso nditapuma pantchito, nyumba inandikulira. Mwana wanga wamkazi anatopa kundipeza ndikukangana ndi wayilesi yakanema, ndiye anandipezera holo ina ku Ilford komwe anthu achikulire amavina tango Lamlungu masana.

Ndinagula nsapato zakuda zachidendene chachifupi. Nditafika ndinakhala pampando wakukhoma, manja pamiyendo, maso pansi, kudikira kuti wina adzaime patsogolo panga n'kundipempha, monga tinkachitira kumadansi kwathu. Palibe anabwera. Lamlungu lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Nsapato za aliyense muholomo ndinaziloweza. Zinandiwawa, sindinama, moti tsiku lina ndinalira m'basi. Ndinkati mwina ndi khungu langali, mwina ndi thupi, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti Lamlungu lachinayi likhala lomaliza, za kuvina n'kuiwala.

Tsikulo pa nthawi ya tiyi achikulire anzanga ankakumbutsana mmene anayambira. Wina anati anaphunzira atakumbatira tsache kukhitchini kwa mayi ake, wina anati anakakamizidwa ndi mlongo wake yemwe ankasowa wovina naye. Ine sindinalowerere. Ndinangong'ung'udza m'Chichewa kuti anthu ake ndi odzikonda awa.

Mayi wina amene ankathira tiyi pambali panga anaseka mpaka kukhutula mkaka patebulo. Anali wocheperapo kwa ine, wobadwira pafamu ku Zimbabwe, makolo ake ochokera ku Ntcheu. Anandilonjera mwaulemu wonse, kenako n'kundiuza zoona zake popanda kuzungulira.

"Aunty, odzikonda ndinu. Bambo aimvi aja mukuwakana every Sunday."

Ndinati bambo ake ati, poti palibe anandiyankhulapo. Anandifotokozera kuti ku tango sapempha ndi pakamwa. Nyimbo ikayamba, mwamuna amakuyang'ana ali patali. Ukamuyang'ananso, amagwedeza mutu pang'ono, iwenso n'kugwedeza, basi mwagwirizana. Ukayang'ana pansi ndiye kuti wakana, ndipo munthu waulemu sabwera kudzakuchititsa manyazi. Anati bambowo anafika pomufunsa ngati anandilakwira chinachake.

Ndinachita manyazi, komanso ndinapsa mtima pang'ono. Masabata onsewo ndinkaweruza holo yonse, pomwe wokana ndinali ine.

Kudziwa ndi kwina, kuchita ndi kwina. Nyimbo itayamba, khosi linauma gwa. Ine amene ndinkakalipira madokotala m'wodi ndinalephera kudzutsa mutu. Mayi uja anandigunda ndi chigongono. Ndinakweza maso pang'onopang'ono, ndipo bambowo anali tsidya lina la holo, akundiyang'anabe moleza mtima. Anagwedeza mutu. Ine m'malo mogwedeza, ndinaimirira n'kuyankha mokweza kuti, "Eya, bambo."

Miyendo inakumbukira zambiri kuposa mmene ndinkayembekezera, ngakhale bondo lakumanzere linadandaula mpaka Lachitatu. Lamlungu lotsatira ndinafika molawirira, n'kukhala mpando wapatsogolo. Nyimbo itangoyamba, woyamba kuyang'ana ndinali ine.