Kochi wa Nkhonya ndi Buku la Pageti

Ndili ndi sutikesi yabuluu imene mayi a kunyumba amaitcha mkazi wanga wachiwiri. Muli mapepala okhaokha, kuyambira kalata yanga yoyamba ya ntchito ku esiteti ya tiyi. Pansi penipeni pali mtolo wa makope a kaboni a buku la pageti, a pa kampaundi ina ku Al Waab, mumzinda wa Doha, kumene ndinali mlonda m'zaka za korona. Kampani yathu yaulonda inatiuza kuti kaboni ndi zachikale, lipoti tizitumiza pafoni. Ine ndinkagula kaboni wanga ndekha, chifukwa sindinaonepo pepala litatha batire.

Pa kampaundi imeneyo pankakhala mtsikana wachisomali, wamtali, woonda, wampango kumutu ndi mphuno yokhotera pang'ono kumanzere. Nditaona pamndandanda kuti ntchito yake ndi kochi wa nkhonya, ndinaganiza kuti kalaliki walakwitsa, ndipo ndinamuitanitsa chitupa. Anandionetsa akuseka. Kuyambira tsikulo ankaima pageti n'kumacheza nane, Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, n'kumanditcha mzee, kutanthauza mdala.

Anandiuza kuti kwawo anachokako ali kumsana kwa amayi ake, nkhondo ili mkati. Anakulira ku Kenya. Nkhonya anaphunzirira m'holo ina kuseri kwa msika, kumene anasesa chaka chathunthu asanamulole kukhudza thumba lomenya pophunzira nkhonya, pomwe anyamata obwera dzulo ankalimenya tsiku lomwelo. Anamenyapo m'mizinda ingapo, kwina kupambana, kwina kugonja. Mphunoyo anamukhotetsa ndi Muganda wina amene mpaka pano amalemberana. Ku Doha anabwera kudzaphunzitsa amayi olemera pa hotela ina ku West Bay, uku akukonzekera mpikisano umene akanavala mbendera ya dziko lake koyamba. Korona inaimitsa mpikisanowo ndipo inatseka malo ophunzitsira.

Komiti ya eni nyumba inkamunyadira kwambiri. Inakhoma chithunzi chake pabolodi la pageti ndi mawu akuti "Ngwazi yathu". Atapachika thumba lake pansi pa shedi ya magalimoto, madamu onse ankabwera madzulo, kuvala magolovesi, kujambulitsa, kenaka kuvula. Sindikukumbuka kuti thumbalo linagwedezekapo.

Kenaka Lachisanu m'mawa kunayamba kubwera atsikana antchito za m'nyumba, pa maola awiri amene ankapatsidwa opuma. Matchalitchi ku Abu Hamour, kumene tinkapemphera Lachisanu, anali otseka, ndiye ine ndinkakhala pageti n'kumaonerera. Apa m'pamene komiti inatulukira kuti thumbalo limafalitsa korona. Linkafalitsa Lachisanu m'mawa pokha. Masiku ena madzulo linali laukhondo.

Ndinene zoona, inenso sindinkakondwera kuona akazi akuponya zibakera, ndipo ndinamuuza.

"Mzee," anatero, "manja amenewa amafinya mopu kuyambira m'mamawa mpaka bwana atagona. Munanenapo kuti si zachikazi?"

Ndinaonanso kuti nkhonyazo zinkatenga theka la nthawi. Theka linalo ankakhala pansi, atatalikirana, masiki kumaso, iye akuwawerengera malamulo atsopano a ntchito: kuti pasipoti ndi ya mwini wake, kuti munthu atha kusintha ntchito popanda kalata yachilolezo ya bwana, bola apereke notisi yolemba. Korona imene komiti inkaiopa inali imeneyo.

Mwa atsikanawo munali mayi wina wa ku Chipata, wogwira ntchito pa nyumba nambala 14. Tinkamvana chinenero, ndipo ankanditcha atate. Atagwira chaka ndi theka anapeza malo okonza m'zipinda pa hotela. Kochi anamuthandiza kulemba notisi ya mwezi umodzi. Koma madamu a pa 14, amenenso anali wapampando wa komiti, anakana kuilandira. Katatu konse anaika manja kumbuyo.

"Akuti sakuona pepala lililonse, atate," anandiuza mayiyo. "Akuti ndikangotuluka, akanena kuti ndathawa."

Amene sanagwirepo ntchito kumeneko amve bwino. Munthu akakulembetsa kuti wathawa, ntchito yatsopanoyo yafa, apolisi akufuna iwe, ndipo mapeto ake ndi ndege yobwerera kwanu. Mayiyo anali ndi ana awiri kusukulu.

Kochi anafika pageti envelopu ili m'manja, akupuma ngati wangotsika mubwalo.

"Ndikupita ndekha. Ndikagogoda, ndikaika kalatayi pamphuno pawo, ndijambula pafoni."

"Mwana wanga," ndinatero, "mubwalo muli woimbira. Muno muli komiti. Wankhonya akaima pakhomo la munthu, mawa adzalemba kuti waopseza. Bweretsa kuno."

"Inu muchita chiyani, mzee? Muwamenya ndi bolopeni?"

Ndinatsegula fayilo n'kumuonetsa chikalata cha komiti, chosainidwa ndi madamu omwewo. Chinkati pofuna kuteteza mabanja, pepala lililonse lopita m'nyumba lizisiyidwa pageti, ligone m'bokosi masiku atatu kuti tizilombo tife, kenaka mlonda alipititse pathireyi, ndipo mwini nyumba asaine m'buku ndi bolopeni yakeyake. Alonda anzanga ankaseka lamuloli. Ine ndinkalitsata monga ndimatsatira lamulo lililonse lolembedwa, lanzeru kapena lopusa.

Ndinauza mayi wa ku Chipata kuti atuluke pageti, atembenuke, abwere pawindo ngati mlendo. Anachita momwemo, akudzimvera manyazi. Ndinayala kaboni n'kulemba tsiku, nthawi, wotumiza, wolandira, ndipo pamzere wofunsa zimene zili mkati ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndi notisi yosiya ntchito. Kalatayo inagona m'bokosi masiku ake atatu osachotserapo ola.

Tsiku lachinayi ndinainyamula pathireyi pamodzi ndi kapepala kotsatsa pitsa ndi buku lija, kaboni ali m'malo mwake. Madamu anatsegula chitseko pang'ono, atavala masiki awiri ndi magolovesi apulasitiki. Anatambasula dzanja, nkhope atayang'ana kumbali, n'kusaina.

"Madamu, werengani mzerewo," ndinatero.

"Khalasi, basi, zakwana. Pita."

Ndinabwereza kachiwiri, chifukwa sindine munthu wotchera anzanga misampha. Anandiyankha kuti ndaima pafupi kwambiri, n'kundipopera sanitaiza pa yunifomu. Zimenezonso ndinakazilemba.

Mwezi utakwana, mayiyo anatuluka ndi chikwama chake masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo anasaina pageti. Kochi anamunyamulira katoni mpaka pa takisi. Madzulo ake madamu anakanena kuti wantchito wathawa osatsanzika. M'mawa mwake supavaiza wathu anabwera n'kutenga buku la pageti, akuti likawunikidwe ku ofesi. Ndinamupempha asaine kuti watenga. Anakana. Bukulo silinabwerenso, ndipo ine, mlonda wa zaka zonsezi, ndinauzidwa pamaso pa anzanga kuti mwina ndinalitaya ndekha chifukwa cha ukalamba.

Atatiitana ku ofesi yoona za antchito tinapita atatu. Ndinavala jekete langa lakutchalitchi. Kochi anagwira mayiyo mapewa n'kumuuza zimene ankawauza Lachisanu lililonse: chibwano pansi, maso kutsogolo, osatsinzina. Madamu anatumiza amuna awo, amene anafotokoza modekha kuti banja lawo silinalandirepo kalata iliyonse, ndipo buku la pageti, mwatsoka, linasowa.

Ndinatulutsa kopi ya kaboni. Ndinatulutsanso chikalata cha komiti. Mkulu wa muofesiyo anaika mapepala awiriwo moyandikana, n'kuyang'ana siginecha ya pano ndi ya apo. Anafunsa bamboyo ngati dzanjalo akulidziwa. Bamboyo anayang'ana nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti azindikire dzanja la mkazi wake. Mlandu wothawa unafufutidwa tsiku lomwelo.

Sabata yotsatira chithunzi cha ngwazi yathu chinachoka pabolodi, panangotsala timabowo tinayi. Komiti inalengeza kuti shediyo ikufunika penti, ndipo thumba linatsitsidwa. Lamulo la bokosi linathetsedwa, akuti asayansi apeza kuti pepala silifalitsa matenda. Ine anandisamutsira kumalo oimika magalimoto apansi pa nthaka ku West Bay, kumene munthu suona dzuwa. Kalata yake imati ndakwezedwa chifukwa cha khama. Ili m'sutikesi.

Kochi anasamuka, Lachisanu lake anakalipitiriza pabwalo lina. Maulendo atatseguka anakamenya mpikisano uja atavala mbendera yakwawo, ndipo anagonja pamapointi. Ananditumizira chithunzi cha pepala la oweruza ndi uthenga wakuti, "Mzee, onani ngati anawonkhetsa bwino." Ndinaona. Anawonkhetsa bwino.

Tsiku lina masana mayi wa ku Chipata anatsika masitepe a pansi paja atavala yunifomu ya hotela. Anagwada pang'ono n'kundipatsa envelopu ndi manja awiri. Munali fotokope ya kontirakiti yake yatsopano.

"Yeniyeniyo ndili nayo, atate," anatero. "Koma iyi sungani inu."

Ndinamufunsa tsiku limene anasaina, ndinalemba pakona, n'kumuuza kuti aikepo dzina lake.