Tsiku Limene Ndinagubitsa Asilikali mu Nazale

Ndikukumbukira chaka chimene ndinadzipatsa ndekha usajeni, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu kwa Chulu. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma mawu Mulungu anandipatsa osamana. Mpaka lero ndikakhosomola pamaliro anthu amatembenuka.

Amalume anga, a Jailosi, anali atamenyako nkhondo ya Azungu ku Bama. Anabwerako ndi lamba wachikopa, mendulo ziwiri ndi mwendo wotsimphina. Pamudzi ponse ine ndinkayenda chotukumuka ngati nkhondoyo ndinamenya ndine.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ife ana asanu ndi mmodzi a pabanja pathu, makolo anatipatsa ntchito yothirira nazale ya fodya kudambo, m'mawa ndi madzulo. Mabedi anali anayi, mbande zitangofika msinkhu wa chala. Mchere, zovala ndi sopo wa chaka chonse zinali m'mabedi amenewo. Panafunika wotsogolera, ndipo Esinati, msuweni wanga, anati akhale iye poti ndiye wamkulu.

"Iwe unagubapo?" ndinamufunsa. "Mtsogoleri amakhala msilikali. Enanu ndinu anthu wamba."

"Nanga iwe unagubira kuti, kukhola la mbuzi?"

Anzathu anaseka, koma nditatulutsa lamba wa amalume amene ndinabisa m'malaya, onse anabwera mbali yanga. Lambayo anandizungulira kawiri. Pomwepo ndinaika lamulo limene ndinkaliona lanzeru kwambiri: msilikali samva Chichewa. Womvera lamulo la m'Chichewa achotsedwa usilikali, ndipo mtedza wokazinga umene amayi ankatipatsira sadyako.

Chizungu changa chonse chinali mawu atatu amene ndinatola kwa amalume: lefuti, laiti, ndi lina loimitsira anthu. Tinatunga madzi pachitsime, aliyense kheni yothirira m'manja, mzere umodzi, ine pambali ngati sajeni weniweni. Lefuti, laiti, lefuti, laiti, fumbi koboo, madzi akukhavukira m'miyendo. Amayi ena amene ankachapa anaimirira kutiyang'ana, ndiye ndinakweza mawu kuti amve mpaka kutali kwa Kaomba.

Titayandikira bedi loyamba, liwu lachitatu lija linandithawa. Ndinalisaka m'mutu monse, osalipeza. Esinati anali patsogolo, mapazi atatsala pang'ono kuponda mbande.

"Imani," ndinatero. Palibe anaima.

"Ndati imani, anthu inu!"

"Sitimva Chichewa, bwana sajeni," anayankha Esinati osacheuka.

Ang'onoang'ono kumbuyo ankaopa kutaya mtedza, ndiye anangotsatira. Mapazi khumi anadutsa pakati pa bedi lonse, bwinobwino, lefuti laiti. Mwayi wake kutsogolo kunali mpanda wa minga, ndiwo unaimitsa gulu langa lankhondo.

Amalume anafika akutsimphina, ataitanidwa ndi amayi ochapa aja. Anayang'ana bedi, anayang'ana lamba wawo m'chiuno mwanga. Ine ndinadziwa kuti lambayo achoka m'chiuno n'kutera kumsana. Koma anangokhala pachulu n'kufunsa mmene zinayendera. Esinati anafotokoza zonse, osasiyako ngakhale kanthu kamodzi. Amalume anaseka mpaka misozi.

"Liwulo ndi holuti, mphwanga," anatero. "Koma tamvera. Sajeni amene anatibweretsa amoyo ankatigubitsa m'Chizungu pa pelete pokha, akuluakulu akamaonerera. Zipolopolo zikayamba ankangoti gonani pansi, m'chilankhulo chathu chomwechi. Amene ankakonda kumveka ngati Mzungu tinawasiya komweko, pamodzi ndi anthu awo."

Chilango chinalipo. Mbande zothyoka ndinazula ndekha, zopindika ndinadzutsa imodziimodzi ndi kamtengo, ndipo bedi limenelo ndinathirira ndekha mpaka mvula yowokera. Theka linapulumuka. Utsogoleri anaupereka kwa Esinati, amene sankakuwa n'komwe. Ankangoti uyu atunge, uyu athirire, watopa apume, ndipo ntchito inkatha dzuwa lisanatenthe. Zinandiwawa, koma fodya wa chaka chimenecho anachita bwino.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga anandiwerengera pafoni mndandanda wa atsogoleri a maiko ena amene anayamba avala yunifolomu ya usilikali. Anati kuno zinthu sizilongosoka chifukwa amene akhala pampando waukulu ndi dokotala, amalonda, ophunzira za malamulo ndi zachuma, mbusa, koma msilikali ayi. Ine asilikali ndimawalemekeza, ndinaleredwa ndi mmodzi. Koma ndinamuuza kuti kuyambitsa anthu kuguba n'kosavuta, ndinakwanitsa ine wa Sitandade 2. Munthu akafuna mpando, kaya anagwirapo mfuti kaya choko, ine ndimafuna kudziwa chimodzi: zikafika pa mbande, adzalankhula zoti tonse timve, ndipo anthu ake adzaima?