Manyazi a Mayi Eduviges

Mayi Eduviges Apaza tinawaika Lachiwiri, ndipo bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wawo, poti ine Saturnina ndakhala nawo benchi limodzi m'tchalitchi zaka makumi atatu.

Anabadwira ku Ayaviri, kumene ankaweta nkhosa korona ali m'manja. Atakula anakhala namwino muno mu Juliaca, m'chipinda chomwe madokotala amachotseramo miyala yotseka njira ya ndulu ndi kachubu kolowera pakamwa. Ntchito imeneyi nthawi zina imatupitsa kapamba, n'chifukwa chake namwino amayamba waika wodwala kam'bulu ka mankhwala kumatako kuti ngoziyo ichepe.

Tsiku lina anagonekedwa a Nemesio, kompadre wawo, amene anawanyamulira mwana pa ubatizo. Nanga kwathu kuno kompadre n'kumuvula?

"Komadre, mundione maliseche ndi imvi zonsezi?" anatero a Nemesio. "Ndipatseni, ndiika ndekha."

Anawapatsa, n'kuyang'ana kukhoma, osafunsanso. Patapita masiku anayi a Nemesio anamwalira akubuula, kapamba atatupa.

Madokotala anati zimachitika ngakhale mankhwalawo ataikidwa. Koma funso linawadya mayiwa: anaika kapena sanaika? Kuuza a Teodosia, mkazi wa malemuyo, mtima sunalimbe. Pa Misa ankatembenuka mwadzidzidzi n'kundigwira mkono. "Satu, wamva? Akubuula." Ine sindinamvepo kanthu, koma sindinama, tsitsi linkandiimirira.

Kuyambira pamenepo panalibe wodwala wowapulumuka, kaya sisitere, kaya mkulu wa apolisi. "Tembenukani bwana, manyazi anapha lambe," ankatero, kenako n'kumunenera Tikuoneni Maria akumulowetsa. Atapuma ntchito ankapitabe kukakumbutsa anamwino achitsikana, ena mpaka ankawathawa. Chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira akufa, monga mwa mwambo wathu, ankaphika buledi wa a Nemesio n'kukamusiya pakhomo la a Teodosia, koma m'nyumbamo sankalowa.

Sabata yatha, atadzozedwa mafuta, anati ndikawaitanire a Teodosia. Anaulula zonse. "Komadre, ndinayang'ana kukhoma. Mpaka lero sindidziwa ngati anaika."



"Sanaike," anatero a Teodosia. "Kam'buluko ndinakapeza m'thumba la jekete lawo, kosatsegula n'komwe. Tikubwera kuchipatala m'minibasi anandiuza kuti salola zimenezo, ine n'kuseka, ndinati mwamuna ndi ameneyo! Zaka zonsezi ndimati mukalowa m'nyumba mwanga mundifunsa."

Mayo ine, tinalira tonse atatu! Kenako amayi awiriwo anagwirana manja n'kunena Atate Athu mpaka kumapeto, aliyense akukhululukira mnzake.

"Satu, a Nemesio atonthola," anandinong'oneza mayi Eduviges.

Anatisiya m'mawa mwake, nkhope ili phee. Inu anamwino a parishi ino, musamayang'ane kukhoma. Thupi lawo anasambitsa ndi a Teodosia, ndipo sanalole wina aliyense kuwathandiza.